Kudya usiku ku Guangzhou: komwe munthu wa ku Mangochi angakhute osaopa nkhumba ndi sikelo

Nthawi ya ku Guangzhou, mzinda wa ku China, ili patsogolo pa yathu ndi maola 6. Kumeneko ikamakwana 12 koloko usiku, kuno ku Mangochi dzuwa langolowa kumene, mayi akupakula nsima. Mimba siisintha wotchi msanga. Wamalonda amene watsika ndege pa bwalo la Baiyun atadzera ku Addis Ababa, masiku atatu kapena anayi oyambirira tulo timamuthawa, ndipo pakati pa usiku njala imaluma ngati sanadye tsiku lonse. Mwayi wake, mzindawu sugona msanga. Anthu a m'chigawo cha Guangdong, momwe muli mzindawu, ali ndi chakudya china cha usiku chomwe amachitcha xiaoye, chodyedwa kuyambira cha m'ma 9 koloko mpaka 2 kapena 3 koloko m'bandakucha, m'misewu ndi m'timalesitilanti toyala matebulo panja.

Tinene chigamulo chathu poyamba. Chakudyachi n'chabwino, n'chotsika mtengo kwambiri poyerekeza ndi cha m'mahotela, ndipo chambiri chimaphikidwa inu mukuona. Koma kwa munthu wa kuno pali zinthu ziwiri zomwe zingakometse kapena kuononga usiku wonse. China ndi nkhumba, yomwe m'maphikidwe a ku Guangdong imalowa ngakhale m'zakudya zosaoneka nyama. China ndi nsomba, yomwe imagulitsidwa pa sikelo, osati pa mulu kapena pa imodziimodzi monga tinazolowera pa M'baluku kapena pa Makawa. Misewu yonse tiiyeza ndi ziwirizi.

Ambiri a ife timayambira pa Xiaobei, chifukwa mahotela ndi maofesi otumiza katundu ku Africa ali komweko. Mumatsika pa siteshoni ya Xiaobei, ya metro (sitima yapansi panthaka) Line 5, n'kulowera kamsewu ka Baohan Zhijie, m'dera la Dengfeng. Amene anapitako kale zaka 10 kapena 15 zapitazo asakunamizeni kuti mukapeza mbaula m'mbali monse mwa msewu. Akuluakulu a mzinda anachotsa ogulitsa a m'mbali mwa msewu cha m'ma 2014, ndipo mliri wa 2020 unachepetsanso alendo a ku Africa. Zotsala ndi malesitilanti a m'nyumba, a Asilamu a mtundu wa Hui, a Uyghur ochokera ku Xinjiang, ndiponso a Aluya ndi a ku Turkey m'mbali mwa msewu waukulu wa Huanshi. Kwa Msilamu wa ku Namwera kapena ku Makanjira, pano mpamene mtima umakhala m'malo. Chizindikiro choyang'ana ndi zilembo ziwiri izi, 清真, zowerengedwa kuti qingzhen, kutanthauza halaal. Nthawi zambiri zimakhala pa chikwangwani chobiriwira. Zijambuleni pa foni musananyamuke. Zolemba za Chiarabu pa zikwangwani zinachotsedwa m'malo ambiri ku China, choncho musadalire zimenezo.

Chotsika mtengo kwambiri, komanso chosakhumudwitsa, ndi lamian wa ku Lanzhou. Mnyamata amatenga chibuma cha ufa wa tirigu wokanda, amachikoka manja onse awiri, amapinda, amakokanso, amamenyetsa pa tebulo, ndipo mphindi isanathe chibuma chija chasanduka zingwe zambirimbiri zonga supageti. Amaziponya m'madzi owira, osakwana mphindi ziwiri wavuula, wathira msuzi wa mafupa a ng'ombe, timagawo tochepa ta nyama, masamba a anyezi ndi mafuta a tsabola. Mbale imakhala pakati pa ma yuan 12 ndi 20, ndipo dola imodzi ndi ma yuan pafupifupi 7. Vuto lake nyama ndi yongonunkhiritsa. Amene mwayenda tsiku lonse m'masitolo a ku Sanyuanli onjezerani dzira kapena mbale ya nyama yapadera. Idyani pomwepo. Lamian womangitsa m'pepala n'kupita naye kuhotela amamwa msuzi wonse, amafika atatupa ngati phala.

Kanyenya wa nkhosa wa a Uyghur ndiye mfumu ya Xiaobei. Wowotcha wodziwa ntchito amasomeka nthuli zowonda ndi nthuli imodzi ya mafuta pakati, kuti mafutawo akamasungunuka azinyowetsa zinzake. Amawaza mchere, cumin ndi tsabola wogaya nyama ili pamoto, osati isanapite pamoto. Kamtengo kamodzi ndi ma yuan 5 mpaka 10 malinga ndi kukula, ndipo munthu wamkulu amakhuta ndi 5 kapena 6 ndi buledi wawo wozungulira wotchedwa nang. Apempheni awotcheko nang uja pa makala omwewo. Chenjezo lili kunja kwa malo a halaal: kanyenya wotchedwa wa nkhosa wogulitsidwa motchipa mopanda nzeru nthawi zina amakhala bakha kapena nyama ina yopakidwa mafuta a nkhosa. Mukaona nthuli zonse zofanana ngati zodulidwa ndi makina, zochokera m'jumbo ya m'firiji, dutsani. Mukakhala atatu kapena anayi, itanitsani dapanji, nkhuku yodulidwa ndi mafupa omwe, yophikidwa ndi mbatatesi ndi tsabola m'mbale yaikulu ngati lichero. Zhuafan, mpunga wa kaloti ndi nyama ya nkhosa, ndi wapachibale ndi pilawu amene timadya pa Eid, kungoti umapsa masana ndipo pofika usiku umakhala wouma kapena watha.

Chotidandaulitsa pa Xiaobei n'chakuti munthu angathe kukhala sabata ziwiri ku Guangzhou osalawa chakudya cha ku Guangzhou. Lamian ndi wa kumpoto chakumadzulo kwa China, kanyenya ndi wa ku Xinjiang, makilomita masauzande kuchokera pamenepa. Mitengo m'malesitilanti a Aluya ndi yokwera chifukwa amadziwa kuti mlendo alibe kolowera. Ofuna maphikidwe enieni a mzindawu koma a halaal, pali Huimin Fandian pa msewu wa Zhongshan Liu Lu, pafupi ndi siteshoni ya Ximenkou, Line 1. Ndi lesitilanti yakale ya Asilamu a mumzindamu, yophika za Chikantoni, zomwe ndi zakudya za ku Guangdong, ndi ng'ombe, nkhosa, nkhuku ndi tsekwe m'malo mwa nkhumba. Si ya pakati pa usiku, pitani chakumadzulo. Ili kufupi ndi mzikiti wa Huaisheng pa msewu wa Guangta, umodzi mwa mizikiti yakale kwambiri m'dziko la China, wokhala ndi nsanja ya mamita 36. Mukhoza kuswali Maghrib kumeneko n'kuyenda wapansi kukadya. Lachisanu masana, pa mzikiti wa Xianxian pafupi ndi Yuexiu Park pamakhala ogulitsa zakudya za halaal ambiri itatha Juma.

Tsopano nkhani ya nkhumba, ndipo apa tichedwapo chifukwa abale ambiri, Asilamu ndi a Seventh Day omwe, amapusitsidwa ndi maso. Kunena kuti "wo bu chi zhurou", sindidya nkhumba, kumathandiza pang'ono chabe. Wophika amamva kuti simukufuna nthuli, ndiye amachotsa nthulizo, koma msuzi umene wathira ndi wa mafupa a nkhumba omwe akhala akuwira kuyambira m'mawa. Wonton, timipukutu ta m'supu tomwe pa chithunzi timaoneka ta ma prawn, mkati timasakaniza ndi nkhumba yogaya. Phala la mpunga lotchedwa tingzai zhou, lomwe alendo amaliyesa la nsomba zokha, mumalowa chikopa cha nkhumba. Mpunga wa mumphika wa dothi, baozai fan, umakoma ndi soseji ya nkhumba. Timipira ta nsomba nthawi zambiri amatisakaniza ndi mafuta a nkhumba kuti tifewe, ndipo mafuta omwewo amalowa m'timakeke ta dzira ta ophika ena. Ngakhale ndiwo zamasamba zimakazingidwa m'chiwaya chomwe changotulutsa nkhumba, n'kuthiridwamo vinyo wophikira. Chilembo cha nkhumba ndi ichi, 猪. Komanso pa mndandanda wa zakudya akangolemba kuti nyama, 肉, osatchula ya chiyani, dziwani kuti ndi nkhumba. Kwa wosunga halaal mosanyengerera, yankho ndi limodzi: ngati palibe chikwangwani cha qingzhen, musadye chophika. Zipatso, nzimbe zofinya, mbatata yowotcha ya nyengo yozizira ndi chimanga chophika zilibe vuto.

Beijing Road ndi msewu woti muuone, koma si woti mukakhutireko. Mumatsika pa Gongyuanqian, Line 1 kapena 2, kapena pa Beijing Lu, Line 6. Galimoto sizilowa. Pakati pa msewu pali magalasi pansi, ndipo mukasuzumira mumaona misewu yakale yosanjikizana, ina ya zaka pafupifupi 1,000, yomwe inafukulidwa mu 2002. Chapafupi, kachisi wa Dafo amayatsidwa magetsi usiku, nyumba yonse imawala ngati golide. Zakudya za m'mphepete mwa msewu waukuluwo n'zopangira alendo: ma squid (nyama za m'nyanja yamchere) akuluakulu osomeka pa mtengo, soseji, zokazinga zokhalitsa pa thireyi, mitengo yokwera. Khotani kulowa Huifu Donglu, kumene kuli malesitilanti okhalitsa omwe eni mzinda amadyako. Kumeneko ndi ku Xihua Road n'kumene mungalawe changfen. Kaphikidwe kake n'kosangalatsa kuonerera. Mayi amakoka kabati yachitsulo yosalala, amapaka mafuta, amathira chikho cha mpunga wogaya ndi madzi, amaswera dzira, amabwezera kabatiyo mu nthunzi. Pakatha mphindi imodzi kapena ziwiri amaikoka, amapala chinsalu choyera chija ndi kachitsulo, amachipinda, amadula, amathira msuzi wa soya wotsekemera pang'ono. Mtengo ndi ma yuan 8 mpaka 15. Chikazizira chimalimba, kukoma konse kwapita. Kabatiyo ndi yomweyo imene yaphika changfen cha nkhumba cha munthu amene anali patsogolo panu, choncho ichi n'cha amene chikhulupiriro chawo chikuwalola.

Chimodzimodzi niuza, zam'kati za ng'ombe zophikidwa ndi radish woyera mumphika waukulu. Wogulitsa amadula chifu, matumbo ndi mapapo ndi sizasi molunjika m'kambale ka pepala. Wokonda nthumbwana za pa chiwaya adzamva ngati ali kwawo, kungoti msuzi wake uli ndi fungo la zonunkhiritsa zotsekemera lomwe ena salikonda tsiku loyamba.

Xiaoye weniweni ali kutsidya kwa mtsinje wa Pearl, ku Haizhu, makamaka pa Baoye Road, ndi m'malo otchedwa dapaidang omwe ali m'madera onse a mzindawu. Matebulo opinda, mipando ya pulasitiki, mafani akuluakulu, phokoso, ndi moto wa gasi wolira ngati ndege pansi pa chiwaya. Moto umenewo ndiwo chinsinsi cha ganchao niuhe, ma noodles aphanthiphanthi a mpunga okazinga ndi ng'ombe. Wophika waluso amawaponya m'mwamba, lawi limanyambita, ndipo amatuluka ndi kafungo ka utsi, osaduka, osasiya dziwe la mafuta pansi pa mbale. Mukaona mafuta akuyenderera, moto unali wochepa kapena anadzaza chiwaya mopitirira. Palinso ma oyster, nyama za m'zigoba za m'nyanja yamchere, owotcha pa makala ndi adyo wambiri, ogulitsidwa pa dazeni kapena theka la dazeni, ndi mabilinganya ong'ambidwa pakati, owotchedwa mpaka kufewa ngati phala, odzazidwa adyo. Mabilinganya amenewa asakuphonyeni. Ma oyster adyeni pokhapokha madzi ake akubwata m'chigoba pofika patebulo, ndipo pa malo amene akutha msanga. Oyster wofunda chabe ndiye amagoneka anthu masiku awiri ndi m'mimba, katundu asanalongedzedwe.

Pa nsomba ndi pamene munthu wa kunyanja ali ndi mwayi woposa alendo ena onse, chifukwa diso la nsomba, mphuno zake ndi kulimba kwa mnofu timazidziwa kuyambira tili ana. Ku Guangdong nsomba yabwino ndi yamoyo, yosambira m'thanki pakhomo pa lesitilanti. Mumaloza, amaivuula ndi kaukonde, amaiyeza, kenako amapha. Apa mpamene bilu imathawira. Mtengo wolembedwa ndi wa jin imodzi, chilembo chake 斤, ndipo jin ndi magalamu 500, theka la kilo. Mukaona 48, si mtengo wa nsomba, si wa kilo. Nsomba ya jin 3 ikhala 144, kuphika ndi zoikamo kuli padera m'malo ena. Imani pa sikelo. Onani kuti yayambira pa ziro, kuti kabasiketi ndi madzi a m'jumbo sizikuwerengedwa, ndipo wogulitsa alembe mtengo wonse pa foni kapena pa kalikyuleta nsomba isanamenyedwe mutu. Ikafa ndi yanu. Pomwe palembedwa 时价 pakutanthauza mtengo wa tsikulo, ndipo nkhanu ndi nsomba za m'nyanja yamchere zimakhala pamenepo. Musaitanitse musanafunse.

Yoti musankhe ndi luofeiyu, tilapia yoweta m'maiwe, ya fuko limodzi la Oreochromis ndi chambo chathu. Tisanamizane, siifika pa chambo cha m'nyanja ya Malawi. Mnofu wake ndi wofewerapo, ndipo ina imamveka kafungo ka matope a m'dziwe. Koma minga yake ili pomwe mukuidziwa, ndiye mumadya mtima uli pansi. Caoyu, yomwe ndi yotchipa ndipo amaikonda eni dziko, ili ndi timinga ta mphanda tobisala mumnofu monse, zoopsa kudya usiku ndi timitengo todyera tomwe simunatizolowere. Qingjiangyu ilibe mamba, ili ngati kampango, yonona, minga yochepa. A Seventh Day aidziwe kuti aipewe.

Maphikidwe alipo awiri. Kaoyu, wochokera ku Chongqing, ndiye amafanana ndi zathu poyambira: nsomba imang'ambidwa kumsana ngati yokayanika, imawotchedwa pa makala mpaka khungu kuuma. Kenako amaigoneka m'thireyi yachitsulo yamakona anayi, yodzaza msuzi, ndi moto pansi, n'kubwera nayo patebulo ikubwata. Nsomba ya jin 2 ndi theka kapena 3 imakwana anthu atatu ndi mpunga. Mbatatesi, tofu ndi masamba oika pansi pake amalipiritsa chilichonse pachokha. Yambani kudya msanga mbali ya pamwamba, ndipo pakatha mphindi 10 apempheni achepetse moto, apo ayi msuzi umauma, mchere umachuluka, nsomba imamatirira. Akafunsa za tsabola, nenani "wei la", pang'ono. Wozolowera kambuzi saopa kuwawa, koma muli timbewu totchedwa huajiao tomwe sitiwawa, timachititsa dzanzi milomo ndi lilime. Osadziwa amayesa adyetsedwa poizoni. Dzanzilo limatha pakapita mphindi zochepa.

Kuphika kwa eni Guangzhou ndi kwa nthunzi. Nsomba ya jin imodzi kapena imodzi ndi theka imakhala pa nthunzi mphindi pafupifupi 8, amataya madzi otuluka, amayala jinja ndi masamba a anyezi odula ngati ulusi, amathira mafuta otentha, kenako msuzi wa soya m'mbali. Palibe tomato, palibe kukazinga. Kwa ife ozolowera nsomba yopsa mpaka mutu kuphwanyika, mnofu wongosiyana kumene ndi fupa umaoneka wosapsa. Wapsa ndithu, ndipo kaphikidwe aka sikabisa nsomba yogona. Ndiko kuyesa kwabwino kwa lesitilanti. Imene simuyenera kuikhudza ndi yusheng wa ku Shunde, nsomba ya m'madzi opanda mchere yodulidwa mopyapyala n'kudyedwa yaiwisi. Imafalitsa nyongolotsi ya m'chiwindi yotchedwa Clonorchis sinensis, yomwe ndi vuto lodziwika m'chigawochi. Tsabola, vinyo wosasa kapena mowa siziipha, imafa nsomba ikaphikidwa bwino. Ife a m'mbali mwa nyanja tikudziwa zomwe likodzo limachita mwakachetechete kwa zaka, ndiye mnzanu wa bizinesi akakukakamizani mwaulemu, kanani mwaulemu. Nkhanu ndi ma prawn aawisi onyikidwa mu soya, omwe amawatcha shengyan, asiyeninso.

Mukakhala pansi mupeza mbale, kapu ndi supuni zokutidwa m'pulasitiki. Kuboola pulasitikiyo ndi yuan 1 kapena 2 pa munthu. Tiyi naye amalipiritsa pa mutu, mumwe musamwe, ndipo kapaketi ka tishu ka patebulo kamalowa mu bilu mukakatsegula. Si kuba, ndi mwambo wa malowo, koma ndi bwino kudziwiratu. Tiyi woyamba ndi beseni lomwe amabweretsa si zosambira m'manja monga kwathu. Anthu amatsukira makapu ndi timitengo todyera, n'kutaya madziwo m'besenimo. Wina akakuthirirani tiyi, gogodani tebulo ndi zala ziwiri, ndiye zikomo wake. Timitengo musatizike chilili mu mpunga, kumeneko n'kwa pamaliro. Foloko m'malo otere ndi yosowa, koma supuni ilipo nthawi zonse. Poitanitsa bilu mawu ndi "maidan", ndipo zotsala amakumangirani mukanena kuti "dabao". Ndalama yothokozera woperekera zakudya kulibe.

Zotsekemera ndiye gawo lomwe pafupifupi aliyense angadye. Shuangpinai ndi mkaka wa njati zoweta, choyera cha dzira ndi shuga, zophikidwa pa nthunzi mpaka kugwirana, pamwamba pali kakhungu. Sitolo ya Nanxin pa Dishifu Road, m'dera la Shangxiajiu, ndi yotchuka nacho, ndipo mzere wake madzulo ndi wautali koma umayenda. Jiangzhuangnai ndi mkaka wotentha wothiridwa pa madzi a jinja, umaundana wokha m'mbale mukadikira mphindi zingapo osautakasa. Liangcha, tiyi wakuda wa zitsamba wogulitsidwa m'timasitolo ta mitsuko yachitsulo, amawawa ngati nimu. Lawani kapu yaing'ono.

Kwa amene samwa, usiku wa Guangzhou uli pa mtsinje wa Pearl. Maboti oyendera alendo amanyamuka pa doko la Tianzi, kumapeto kwa Beijing Road, ndi pa Dashatou, ulendo wa ola limodzi kapena kupitirirako pang'ono, kudutsa pansi pa milatho yoyaka magetsi mpaka pa Canton Tower, nsanja ya mamita 600 yomwe inatsegulidwa mu 2010. Tikiti yapansi, ya mkati mwa magalasi, ndi yotchipa koma simuona bwino. Lipirani ya pamwamba poyera, ndipo ya chakudya isiyeni, mukadye kumtunda. Sankhani boti la pakati pa 7 ndi 9 koloko, chifukwa magetsi okongoletsa amazimitsidwa usiku ukakula. Amene thumba lapyapyala, bwalo la Huacheng ku Zhujiang New Town n'laulere ndipo nsanjayo imaoneka yonse kuchokera pamenepo.

Omwa ali ndi Party Pier, mzere wa mabala m'mphepete mwa mtsinje, pamalo a fakitale ya mowa wa Zhujiang. Malowo ndi okongola koma botolo lomwe pa dapaidang ndi ma yuan 10 kapena kucheperapo, kumeneko limakwera kangapo, ndipo matebulo ena ali ndi ndalama yoyambira yomwe muyenera kuimwera. Funsani musanakhale. Mowa wozizira muutchule, "bing de", apo ayi angakupatseni wofunda. Baijiu ndi kachasu yemwe nthawi zambiri mphamvu yake imapitirira 50 peresenti, timatoti take tisakupusitseni. Mlendo wokuitanani mumsewu kuti mukamwe tiyi kapena mukaimbe ku KTV, nyumba yoimbira nyimbo pa maikolofoni, yomwe iye akuidziwa, musamutsatire, bilu yake imabwera ndi anyamata pakhomo. Ndipo apolisi amalowa m'mabala n'kuyeza anthu mkodzo. Chamba chosutidwa musanakwere ndege chikapezeka m'thupi ndi mlandu komweko, ndipo kuzembetsa mankhwala ozunguza bongo chilango chake chimafika pa imfa. Phukusi la munthu musamunyamulire, ngakhale wolankhula chinenero chanu.

Kulipira n'kwa pa foni. Ngakhale wogulitsa mbatata ali ndi kachikwangwani ka QR ka Alipay kapena WeChat Pay. Kuyambira mu 2023 ma app awiriwa amalola makadi akunja a Visa ndi Mastercard, ndipo malipiro osapitirira ma yuan 200 alibe chiwongola dzanja, opitirira amadula 3 peresenti. Lumikizani khadi muli kuno, nambala yanu ya Airtel kapena TNM ikulandira mauthenga, ndipo funsani kubanki kwanu ngati khadilo lili lotsegulidwa kugula kunja komanso malire ake ndi angati. Ndalama zapamanja ndi zololedwa ndi lamulo, koma wa kanyenya alibe chenji cha 100. Sinthani mukhale ndi ma 5, ma 10 ndi ma 20. Pa intaneti ya ku China, WhatsApp, Facebook ndi Google sizitseguka, ndiye mapu odalirika ndi Amap, ndipo app yomasulira muitsitsiretu Chitchaina chogwira popanda intaneti. Foni ikathima mwataya chikwama, mapu ndi womasulira nthawi imodzi, choncho pawabanki isatsale. Madzi a pampopi samwedwa osawiritsa, botolo ndi ma yuan 2 m'masitolo ngati Meiyijia ndi 7-Eleven. Zimbudzi zambiri za m'misewu zilibe tishu.

Nyengo yabwino yoyenda usiku ndi October mpaka December. Kuyambira April mpaka September kumatentha monyowa kuposa Mangochi wa mu November, mvula imagwa mwadzidzidzi ndipo udzudzu wake umafalitsa dengue. Nthawi ya chionetsero chachikulu cha malonda chotchedwa Canton Fair, April kulowa May ndi October kulowa November, mahotela amakwera mtengo. Pa chaka chatsopano cha Atchaina, kumapeto kwa January kapena mu February, ophika ambiri amapita kumidzi kwawo ndipo misewu ya zakudya imakhala zii.

Pasipoti yeniyeni iyende nanu, osati fotokope yokha. Lamulo limatero, ndipo pa Xiaobei apolisi amafunsa kawirikawiri. Ofikira kunyumba kwa m'bale osati kuhotela alembetse kupolisi pasanathe maola 24. Kupitirira masiku a viza ndi chindapusa cha ma yuan 500 pa tsiku mpaka 10,000. Nambala ya polisi ndi 110, ya ambulansi 120. Poyenda, khutu silithandiza: njinga zamoto za petulo zinaletsedwa mumzindamu mu 2007, ndipo zomwe zadzaza ndi zamagetsi, zosalira, zothamangitsidwa ndi anyamata operekera zakudya ngakhale m'njira ya oyenda pansi. Tembenukani musanapatuke.

Metro imayambira ma yuan 2, koma sitima zomaliza zimadutsa cha m'ma 11 koloko, nthawi imene Baoye Road yangoyamba kutentha. Pobwerera mudalire Didi, app yoitanira galimoto, yomwe ili mkati mwa Alipay ndi WeChat ndipo imaonetsa mtengo musanakwere, kapena takisi ya mita, yomwe imayambira ma yuan 12 n'kuonjezera pang'ono ikapitirira 11 koloko. Woyendetsa amene akukana kuyatsa mita, tsikani. Ambiri sawerenga zilembo zathuzi, ndipo dzina la Chingerezi la hotela yanu salidziwa. Tengani kakhadi ka hotelayo pa risepushoni, kolembedwa m'Chitchaina, mukasunge m'thumba losiyana ndi la foni.